Amene Ankadyetsa Vumbwe

"Bambo a Rina, nkhuku ya mufiriji yapita kuti?"

Moriyasu sanatembenuke. Anapitiriza kutsuka matope pa nkhafi za timabwato pampopi wa kuseri kwa nyumba.

"Mwina tinadya."

"Tinadya liti? Dzulo ndinaphika nsomba, dzana nkhumba. Ndipo aka si koyamba. Sabata yatha ntchafu zinasowa, sabata inayo zinasowa. Kodi mufiriji muno mwalowa mzukwa wokonda nkhuku?"

"Ukufuula, Sumako. Alendo ali m'chipinda chapamwamba."

"Amve! Amve kuti mwini nyumba amanyamuka madzulo aliwonse ndi kathumba m'manja n'kukaima ku mlatho. Mukuyesa sindikudziwa amene amakhala ku mlatho?"

Ku mlatho kunkakhala Mayu Kadowaki, mtsikana wa ku Osaka amene anabwera kuno ku chilumba cha Iriomote chaka chapitacho n'kuchita lendi kanyumba kakale m'mphepete mwa mtsinje. Nayenso ankayendetsa alendo pa timabwato m'nkhalango ya hirugi, mitengo ija imaima ndi mizu yake m'matope a madzi amchere.

Moriyasu anatseka mpopi, n'kuyamba kuseka mpaka kugwira khoma.

"Ine? Ndi chimimba ichi? Mwana uja angandione ngati malume ake osochera."

"Musaseke. Nkhuku yanga ikupita kuti?"

Bamboyo anayang'ana kuwindo lapamwamba, kenako anatsitsa mawu.

"Akudya ndi vumbwe."

Sumako anakhala pansi pa ndowa yovundikira. Avumbwe a pachilumba chathu sapezeka kwina kulikonse, ndipo atsala ochepa moti ena amabadwa kuno mpaka kukalamba osamuonapo ndi mmodzi yemwe. Ngakhale mwana wa kumkaka amadziwa kuti vumbwe sadyetsedwa.

"Mukudyetsa vumbwe? Pamsewu? Inu mlamu wake wa Zenko?"

Zenko anali mchimwene wake wa Sumako. Chipumireni pantchito ya ukalipentala, anali m'gulu la anthu odzipereka amene amayendera msewu madzulo, kuchenjeza madalaivala kuti aziyenda pang'onopang'ono.

"Tandiuza iwe," anatero Moriyasu, "alendo ndiwaonetse chiyani? Unapita liti komaliza kumtsinje? Timabwato tadzaza ngati masamba ogwa. Chimangireni hotela ija kumtunda, mvula ikangogwa madzi amafiira ndi dothi. Mizu ya hirugi anthu aiponda mpaka kuthyoka. Nkhanu zikuluzikulu zija ankakola bambo anga, ukaiona imodzi lero ndi mwayi. Mbalame zinasamuka. Munthu wakwera ndege, wakwera sitima, ndiye ndikamuonetse matope?"

"Ndiye mwati pa zimene zatha kale muonjezerepo vumbwe?"

"Sindikumupha, ndikumudyetsa. Ndimaika tinyama paudzu, alendo amakhala m'galimoto, iye amabwera, amadya, amapita. Walakwiridwa ndani? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndikapanda kuchita ine, mawa achita ndi a kuhotela."

"Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada."

"Chipinda chapamwambacho chaka chatha munkagona nyerere. Lero tikuchita kuwabweza anthu pafoni. Ukuganiza kuti akubwerera supu yako? Rina akuphunzira ku Naha ndi ndalama ziti?"

Sumako ankadziwa kuti choyenera chinali kuvala nsapato n'kupita kwa Zenko. Koma mtima wake, umene kwa milungu unali wolemera poganiza za mkazi wina, unali utapepuka mwadzidzidzi, ndipo munthu amene wangopeza kumene kuti mwamuna wake ndi wakebe safulumira kukamunenera.

Mawa lake anamupeza Moriyasu kukhitchini akudula ntchafu ya nkhuku mwachisawawa, mafupa ndi khungu zonse pamodzi.

"Mafupa amenewo amutsamwitsa," anatero. "Bweretsani kuno mpeniwo."

Kuyambira tsiku limenelo, nyama ya vumbwe ankadula ndi Sumako.

Tsiku lina madzulo anapita nawo. Galimoto yawo yoyera inaima kutsidya kwa mlatho, pamene msewu umadula pakati pa phiri ndi hirugi. Kumbuyo kunali banja lina la ku Yokohama, makamera ali pamawindo. Moriyasu anamwaza nyama paudzu wa mbali ya phiri n'kubwerera. Madzi anali ataphwa ndipo fungo la matope linkalowa m'galimoto.

Sanadikire nthawi. Vumbwe anatulukira pakati pa mizu, wamfupi miyendo, wamawangamawanga, mchira wonenepa. Pansi pa msewu pali kanjira kamene anakonzera nyama kuti zizidutsa bwinobwino, koma iye sanalowemo. Anakwera pa phula, n'kuima pakati penipeni, akuyang'ana galimoto ngati mwana woyembekeza mayi ake ochokera kusitolo.

"Akuyamwitsa," ananong'ona Sumako. "Taonani kumimbako."

"Ndiye chifukwa chake sajomba," anatero Moriyasu. "Ukuona? Tikumuthandiza."

Mayi wa ku Yokohama anali akupukuta misozi. Potsika pakhomo anagwira dzanja la Sumako n'kunena kuti anthu a kuno ndi odala pokhala mwamtendere chonchi ndi nyama zawo. Sumako anawerama, n'kuthokoza.

Sabata yotsatira sitima yochokera ku Ishigaki inachedwa chifukwa cha mafunde. Moriyasu anali ndi alendo atsopano amene anawalonjeza vumbwe tsiku lomwelo, ndiye popita kudoko anaima kaye ku mlatho n'kusiyiratu nyama, kuti pobwerera akapeze mwini wake ali pomwepo.

Pobwerera anapeza galimoto ya hayala itaima mopingasa, mtsikana wina atakhala pansi m'mphepete mwa msewu akulira, ndipo Zenko atagwada pa phula atavula malaya ake n'kufunditsa kanthu. Alendo anafunsa kuti kwachitika chiyani.

"Ngozi yaing'ono," anatero Moriyasu, ndipo anadutsa osaima.

M'mawa Zenko anafika ndi maso ofiira. Anakhala patebulo la kukhitchini, Sumako n'kumuthirira tiyi. Moriyasu anaima pakhomo ngati akutuluka, koma sankatuluka.

"Vumbwe uja wafera m'manja mwanga," anatero Zenko. "Ana aja amene anamugunda angokwatirana kumene, abwera kudzasangalala. Sankathamanga n'komwe. Akuti anachita kubwera yekha kugalimoto. Munaonapo vumbwe wothamangira galimoto, alamu?"

"Zachilendo," anatero Moriyasu.

"Si zachilendo. Winawake anamuphunzitsa kuti galimoto ikafika, chakudya chafika. Paudzu paja ndapezapo nyama ya nkhuku." Anatembenuza kapu m'manja. "Yodulidwa bwino, timagawo tofanana, khungu kuchotsa, mafupa kuchotsa. Amene anadula ndi munthu waukhondo. Munthu wachifundo."

Anakweza maso n'kuyang'ana mlongo wake. Sumako anatembenukira kuchitofu.

"Muonjezera tiyi, achimwene?"

"Ayi. Ndikupita kumatope. Anali ndi mkaka, ndiye kuti penapake pali ana."

Madzi ataphwa, anthu a m'mudzi analowa m'hirugi kukafunafuna. Sumako anapita nawo. Ankatitimira mpaka m'mawondo, akusuzumira m'mphako iliyonse, mizu ikumukanda m'miyendo, ndipo amayi anzake ankamuyamikira kuti ndi mlongo wake wa Zenko weniweni. Moriyasu anati msana ukumupweteka.

Amene anawapeza anali Mayu. Patadutsa masiku, madzi atadzaza, analowa ndi kabwato kake m'kamtsinje kena kamene anthu oyenda pansi sakanafikako, n'kumva fungo. Anawabweretsa ku holo ya m'mudzi atawakulunga m'thaulo. Anali awiri, ang'ono ngati chibakera, atafa kale.

Tsiku lomwelo manong'onong'o anayamba. Anadziwa bwanji pamene panali ana? Amakhala pafupi ndi mlatho ndani? Anthu obwera amenewa amangofuna zithunzi, za chilumba chino sawerengera. Kusitolo anasiya kumupatsa moni. M'mawa wina anapeza timabwato take titamasulidwa, kamodzi katakodwa m'mizu kutali kumunsi. Mwini nyumba yake anamuuza kuti mwezi ukatha akufuna kukonzetsa denga, ndiye ayambe kuyang'ana kwina.

Lachinayi masana Mayu anagogoda kwa a Takamine, kunyumba kwa Moriyasu ndi Sumako. Moriyasu anali kumtsinje. Sumako anamulowetsa kukhitchini chifukwa panalibe mochitira mwina.

"Mayi Takamine, inu ndinu amene munandilandira nditangofika. Munandiphunzitsa kumanga zitseko mphepo yamkuntho ikamabwera. Ndiye ndabwera kwa inu. Lamlungu akundiitana ku holo. Ndikanene chiyani?"

"Ukanene zoona."

"Zoona ndanena kale. Si ine. Koma palibe akumva." Anayang'ana Sumako m'maso. "Inu simukudziwapo kanthu kamene kangandithandize?"

Sumako anatsegula kabati, n'kutulutsa mbale ya timakeke ta shuga wakuda.

"Anthu a kuno amapsa mtima msanga, koma amaiwalanso msanga. Tadya kaye."

Mayu anatenga kamodzi, n'kukagwira m'manja osadya. Kenako anadzuka, anawerama, n'kupita.

Moriyasu atabwera anapeza mpunga wosaphika.

"Mwana uja anali pano," anatero Sumako. "Akumuthamangitsa m'nyumba."

"Ndamva."

"Mwamva? Basi?"

"Ukufuna nditani? Ndikaime pa holo ndinene kuti ndine? Andilanda chilolezo choyendetsa alendo. Dzina la bambo anga lizikokedwa m'matope. Rina abwerere kuno adzatsuke mbale kuhotela. Mtsikana uja ndi wamng'ono, ali ndi kwawo. Mlendo ndi mame, dzuwa likatuluka akamuka ndithu. Ife tikathamangitsidwa tipita kuti? Manda athu ali pompano."

"Anandifunsa ngati ndikudziwapo kanthu. Ine ndinamupatsa keke."

"Unachita bwino."

"Ndinachita bwino? Bambo a Rina, ndikulephera kuyang'ana nkhope yanga pagalasi. Ndinayenda m'matope anthu akundiombera m'manja, pamene manja amene anadula nyama ija ndi awa."

"Nanga ndinakukakamiza? Mpeni unachita kulanda wekha."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake sindikugona."

"Ndiye khala chete. Achimwene ako akudziwa, koma atseka pakamwa chifukwa cha iwe. Ukufuna nawonso awonekere poyera kuti anabisa? Ukakoka muzu umodzi, mtengo wonse ugwedezeka."

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna."

"Ndipo yopanda manyazi inafera pamsampha. Tandiphikira mpunga."

Lachisanu ndi Loweruka sanalankhulane, kupatula za alendo.

Lamlungu masana holo inadzaza. Anthu anakhala pamikeka, zokupizira mphepo zikuzungulira, ana akusewera panja. Wapampando, bambo Kuroshima, anali munthu wofatsa wosakonda mikangano, ndipo zinkaoneka kuti ankangofuna kuti nkhaniyo ithe anthu akadyetse ng'ombe zawo. Mayu anakhala yekha kutsogolo. Zenko anali pafupi ndi khomo, chipewa chili pamaondo.

"Mwana wanga," anatero bambo Kuroshima, "palibe akufuna kukuzunza. Munthu amalakwa. Iwe ndiwe wachilendo, mwina sunkadziwa kuopsa kwake. Ukapepesa pamaso pa mudzi, ine ndilankhula ndi mwini nyumba yako, ndipo nkhaniyi sipita patali. Tonse tikufuna mtendere."

"Apepese basi!" anafuula wina kumbuyo. "Tachedwa nazo."

Mayu anayang'ana anthu onse, mzere ndi mzere. Kenako anasendera kutsogolo, anagwada, n'kuika manja pamkeka. Mutu wake unayamba kutsika.

"Usawerame."

Mawuwo anatuluka mwa Sumako asanadziwe kuti waimirira. Moriyasu anamukoka siketi, iye anamuchotsa dzanja.

"Usawerame, Mayu. Si iwe." Anatembenukira kwa anthu. "Nkhuku ija inachokera mufiriji mwathu. Ndinkadula ndine. Ankakaika ndi bambo a Rina, kuti alendo athu azijambula. Vumbwe uja ndinamuona ndi maso anga ataima pakati pa msewu, ndinaona kuti akuyamwitsa, ndipo mawa lake ndinadulanso nyama ina."

Panja mwana wina ankawerenga mokweza pamasewera obisalirana.

"Imirirani, bambo a Rina," anatero Sumako.

Moriyasu sanaimirire. Anakhala kanthawi nkhope ili gwa ngati mwala, kenako anatembenuka pamaondo, n'kugwetsa chipumi pamkeka. Mapewa ake ankagwedezeka. Ananena mawu ena, koma anathera mumkekamo.

Zenko anadzuka pakhomo paja.

"Inenso ndinadziwa," anatero. "M'mawa womwe uja. Kadulidwe ka mlongo wanga ndingakasokoneze? Ndinati ndidikire anene yekha. Ndinadikira mpaka mwana wa eni akugwada."

Apa phokoso linabuka. Amene ankafuula kuti Mayu apepese ndi amenenso anayamba kufuulira Moriyasu. Wina anati iye ankakayikira kale. Wina anati banja limeneli lanyazitsa mudzi wonse. Bambo Kuroshima anakweza manja kuti anthu akhale chete, n'kutembenukira kwa Mayu.

"Mwana wanga, utikhululukire. Sitinkadziwa."

Mayu anali atakhala tsonga, manja pamaondo. Sankalira.

"Simunkadziwa?" anafunsa motsitsa, moti anthu anachita kusiya phokoso kuti amve. "Galimoto yoyera ija inkaima kutsidya kwa mlatho madzulo aliwonse. Pambali pake palembedwa dzina la nyumba yawo ya alendo, zilembo zikuluzikulu. Ine ndinkaiona pawindo langa. Msewu pachilumba chino ndi umodzi. Inu a kusitolo mumadutsa pamenepo mukatseka. Inu bambo Kuroshima mumadutsa pochokera ku ng'ombe, ndipo tsiku lina ndinakuonani mukuimika dzanja kupereka moni. Ndine ndekha amene ndinali ndi maso?"



"Nanga bwanji sunanene?" anafunsa mayi wina, mawu ake atachepa.

"Kwa ndani? Ine wa ku Osaka ndinene kuti ndi bambo Takamine, amene agogo awo ali m'manda a kuseri kwa holo ino? Mukanakhulupirira ndani? Ndinaopa. Vumbwe akadali moyo ndinakhala chete ngati inu nomwe, ndipo zimenezo ndidzapita nazo kwathu." Anatembenukira kwa Sumako. "Lachinayi sindinabwerere malangizo, mayi. Ndinabwera kuti munene nokha."

Anthu anayang'ana pansi, aliyense pa kachigawo kake ka mkeka. Msonkhano sunatsekedwe ndi wina aliyense. Anthu anangoyamba kudzuka mmodzimmodzi, kuvala nsapato pakhomo osayang'anana.

Mwini nyumba anapita kwa Mayu madzulo omwewo kukanena kuti denga likhoza kudikira. A kusitolo anamutumizira chinanazi. Wina anakamangirira timabwato take ndi chingwe chatsopano. Mayu anathokoza zonsezo mwaulemu, ndipo mwezi utatha anagulitsa timabwatoto n'kulongedza katundu.

Sumako anapita kudoko. Anamupeza pamzere wokwera sitima, chikwama chili kumsana. Anaima patsogolo pake n'kuwerama mpaka msana kupweteka, ndipo anakhala choncho anthu akumulambalala ndi masutikesi awo. Ataweramuka, Mayu anali akumuyang'anabe.

"Munachedwa, mayi," anatero. "Koma munaimirira. Sindikudziwa kuti ndizikumbukira chiti."

Analowa m'sitima. Mwa khomo lomwelo munali mutangotuluka alendo atsopano, zipewa zadzuwa kumutu, akuthamangira galimoto za hayala.

Moriyasu anakabweza yekha chilolezo chake asanamuitane. Nyumba ya alendo inatsala ndi anthu apo ndi apo, ndipo Rina anayamba ganyu m'sitolo ku Naha kuti asasiye sukulu. Pafoni ankalankhula ndi mayi ake okha. Masana Moriyasu anayamba kupita ndi Zenko kukatchetcha udzu m'mphepete mwa msewu, kuti madalaivala aziona nyama isanalowe pa phula. Zenko sankamulankhula kupatula kumuuza poyambira ndi polekezera.

Tsiku lina ali kutsidya kwa mlatho, galimoto ya hayala inaima pambali pake. Mnyamata wovala magalasi akuda anatsitsa windo, m'manja muli foni.

"Pepani, bambo. Tinaona chithunzi ichi pa intaneti. Akuti pano ndi pamene vumbwe amabwera madzulo. Ndi pano?"

Moriyasu anazimitsa makina otchetchera. Anayang'ana chithunzicho. Vumbwe anali ataima pakati pa msewu, maso ali kwa wojambula, ndipo m'munsi mwa chithunzi munkaoneka kachidutswa ka galasi la galimoto yoyera.

"Ndi pano," anatero.

"Tidikire mpaka nthawi yanji?"

"Musadikire. Anafa, ndi ana ake omwe."

"Aa! Zachisoni bwanji. Anamupha ndani?"

Zenko anali ataima chapatali, wasiya kutchetcha, akumvetsera. Moriyasu anavula chipewa n'kupukuta thukuta kumaso ndi mkono.

"Mukulankhula naye," anatero. "Pitani bwino. Muziyenda pang'onopang'ono."